Ndinagulitsa Uta wa Achimwene

Sabata ino gawo lolemba lagwera ine, ndiye ndati ndiulule kanthu kamene kakhala kakundikhala pakhosi. Ambiri mumandidziwa ngati mayi wa tomato ndi anyezi uja amene amathirira ndemanga pa ndakatulo zanu usiku akaweruka kumsika. Lero mundidziwenso ngati mkazi amene anagulitsa uta wa mlongo wake, kenako n'kusema wina ndi manja akeake. Ofuna kuseka sekani, anzanga a kumsika anaseka kale mpaka kutopa.

Kwathu ndi ku Chikwawa, ukatsika zitunda za Thabwa n'kuwoloka Shire. Ndife Amang'anja, ndipo zinthu kwathu zimatsata kuchikazi: cha malume chimagwera mwana wa mlongo wake. Utawo unayenda njira yomweyo. Anausema ndi amalume awo a mayi anga, iwo n'kusiyira amalume anga, ndipo amalume maso atayamba kuchita mdima anaupereka kwa achimwene. Mu 2019 achimwene popita ku Johannesburg anandisiyira katundu wawo kuti ndisunge: sutikesi ya zovala, wailesi yakufa, ndi utawo wokulunga m'chiguduli. Unali wakuda bii ngati mphika wakale, wosalala chifukwa cha manja a anthu. Pambali pa chogwirira panali timizere titatu tocheka ndi mpeni, ndipo nsonga imodzi inali yokulungidwa ndi waya wa mkuwa. Kunena zoona, ine ndinkangouona ngati ndodo yondithera malo m'nyumba.

Kenako kunabwera Freddy, mu Malichi 2023. Ndimakhala ku Chilobwe, ndiye sindikufunika kukufotokozerani zambiri. Ine sindinataye munthu, choncho sindiyenera kulira mokweza pamaso pa amene anataya mabanja athunthu. Koma khoma la nyumba linagwa, matumba a anyezi anapita ndi matope, ndipo mpamba wanga wonse, ndi ngongole ya banki m'khonde yomwe, zinali m'matumba momwemo. Uta unapulumuka chifukwa unali pamwamba, pa mtanda wa denga. Patatha mwezi kunadutsa bambo wina wogula ziboliboli ndi zinthu zamakedzana zokagulitsa kwa alendo. Anauona, anautembenuza kawiri, n'kunena kuti K25,000. Sindinanenerere n'komwe, ine amene ndimalimbana ndi kasitomala pa K100. M'mawa mwake ndinakaoda tomato, geni n'kuyambiranso.

Chaka chonse sindinauze munthu. Mu Meyi 2024 achimwene anaimba foni. "Ndikubwera pa Khirisimasi. Mphwanga uja wakula tsopano, ndikufuna ndidzamuonetse uta wake." Amanena mwana wanga woyamba, wa zaka 11. Ndinangoti, "Chabwino achimwene, tidzakulandirani." Foni itaduka ndinakhala pa benchi miyendo ili zii. Akuluakulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Wanga ndinali nditauyang'anira chaka chathunthu.

Mu Juni ndinakwera minibasi kupita kumudzi. Amalume ndinawapeza pakhonde akuothera dzuwa. Ndinagwada patali pang'ono.

"Amalume, ndalakwa. Uta uja ndinagulitsa."

Anakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kumva nkhuku zikupalasa kuseri.

"Ndalamazo unatani nazo?"

"Ndinaodera tomato."

"Ana anadya?"

"Anadya."

"Ndiye uta unagwira ntchito yake, poti ntchito ya uta n'kudyetsa ana. Koma ngongole ilipo. Mwini wake akadzabwera adzafuna uta, osati nkhani. Ukaseme wina."

"Ine amalume? Munthu wamkazi?"

"Pogulitsa paja unali mwamuna?"

Ndinasowa choyankha. Kwathu uta wa akazi ulipo, koma ndi wina: nkangala, kauta ka bango kamene amakaika pakamwa n'kumakhwatcha chingwe, nyimbo n'kumatuluka. Agogo anga aakazi ankaimba nkangala madzulo akasungulumwa. Uta wolasira unali wa amuna a uzimba. Koma amalume anati maso awo anatha, anyamata a m'mudzimo ali pa kabaza, ndipo amene ali ndi ngongole ndi ine.

M'mawa mwake tinapita kukadula mtengo, iwo atagwira ndodo, mdzukulu wawo akuwatsogolera. Ndinene msanga kuti sitinalowe ku Lengwe kapena ku Majete ayi, tinapempha kwa mwini munda wina amene m'malire mwake muli tchire. Mtengo umene amaufuna amautcha tenza. Si mtengo waukulu, umaphuka nthambi zambiri kuchokera pansi, ndipo umabala tizipatso tating'ono totsekemera timene ana oweta mbuzi amadya. Ubwino wake ndi woti umapindika koma suthyoka msanga. Ine ndinkaloza nthambi, iwo n'kumaipapasa kuyambira pansi mpaka pamene dzanja lafika. Iyi ayi, ili ndi mfundo pakati. Iyi ayi, yapotoka ngati chingwe. Iyi yafumbwa, tamva timabowoti. Amafuna yowongoka, yonenepa ngati mpini wa khasu, yotalika kuchokera pansi kufika pachibwano panga. Dzuwa linafika pamutu tisanapeze zitatu.

"Zitatu zachiyani amalume, poti uta ndi umodzi?"

"Ziwirizo ndi zoti uthyole."

Ndinaseka, osadziwa kuti akunena zoona.

Tikupuma pamthunzi anandiuza za kombe, chomera choyanga m'mitengo chimene alenje akale ankapangira ululu wopaka ku mivi. Nyama ikalasidwa inkathamanga pang'ono n'kugwa, mtima utaima. Anati azungu anadzatenga kombe wathuyo n'kukapanga mankhwala. Ndinayesa nkhani za madala, koma nditabwerera m'tauni ndinafufuza pa foni, ndipo ndi zoona. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone pa ulendo wawo wa ku Zambezi ndi Shire, womwe unafika kwathu kuno mu 1859, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Potsuka m'kamwa anamva kuwawa, kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Njere zake zinatumizidwa ku Britain, ndipo katswiri wina wa ku Edinburgh, Thomas Fraser, anazifufuza mpaka mu 1885 anaonetsa madokotala anzake kuti muli mankhwala othandiza odwala mtima. Mpaka lero dzina la chomeracho m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe. Liwu la agogo athu lili m'mabuku a dziko lonse, ine mdzukulu wawo n'kugulitsa uta wawo pa mtengo wa madengu a tomato.

Ndodo zitatuzo ndinakwera nazo minibasi, kondakitala n'kundilipiritsa ngati katundu. Malangizo a amalume anali omveka: usende khungwa, uziike pamthunzi pamene pamadutsa utsi, uziiwale miyezi itatu. Koma inu mukudziwa mtima wa munthu wa geni. Ife tinazolowera kuti chimene waoda m'mawa chikhale ndalama pofika madzulo, chifukwa tomato sadikira munthu. Ndinatenga ndodo imodzi n'kuiponya pa malata kuti iume msanga. Patatha sabata ndi theka ndinaitsitsa itang'aluka kuyambira kunsonga mpaka pakati. Kunja kunauma mofulumira m'kati mukadali madzi, mtengo n'kudzing'amba wokha. Imeneyo inapita pa moto wophikira nyemba.

Ziwiri zotsalazo ndinazimangirira kudenga la kakhitchini kathu ka panja. Mu Seputembala ndinatsitsa yachiwiri, itapepuka, ikulira ngwee ukaigogoda. Ndinaisema ndi chikwanje mbali zonse, kuisongola uku ndi uku kuti ioneke ngati uta umene ndinkaukumbukira. Masiku atatu basi, inatha, ndipo inkaoneka bwino zedi. Ndinamanga chingwe cha nayiloni, n'kuitana ana kuti adzaone. Ndinakoka kamodzi mwamphamvu. Phwaa! Chidutswa china chinandimenya pachipumi, china chinakagwera kwa aneba. Ana anaseka mpaka kugubuduka, ine misozi ili lengelenge, osati chifukwa cha chipumi, koma poti ndodo inatsala imodzi ndipo Disembala amayandikira.

Usiku womwewo ndinaimbira mdzukulu uja kuti apereke foni kwa amalume. Atamva mmene ndinasemera anati, "Wadula msana." Apa mpamene ndinaphunzira chinthu chachikulu pa ntchito yonseyi, ndipo ngati mukufuna kudzayesa, gwirani pano. Uta uli ndi msana ndi mimba. Msana ndi mbali imene imayang'ana kumene ukulasa, mimba ndi imene imayang'ana iwe wokoka. Taganizani mukawerama kuti munyamule dengu: msana wanu umatamuka, mimba imakwinyika. Utanso chimodzimodzi. Ulusi wa mtengo wa kumsana ndi umene umatamuka, ndiye uyenera kukhala wathunthu kuyambira nsonga iyi kufika nsonga inayo, monga unalili pansi pa khungwa. Ukaudula ndi mpeni ngakhale pang'ono, pamenepo mpamene udzathyokere. Kusema konse kumachitikira kumimba ndi m'mbali. Chachiwiri, uta watsopano sukokedwa kamodzi mpaka kukhutu. Umauphunzitsa kupindika pang'onopang'ono, ngati mwana wophunzira kusenza ndowa.

Ndodo yachitatu ndinaiopa. Ndinatha masiku awiri ndikungoiyang'ana. Inali yokhota pang'ono chakumapeto, ndiye ndinaipaka mafuta a nsatsi pokhotapo, n'kuiwamba patali pa makala a mbaula mpaka itatentha moti dzanja silingakhalitsepo, kenako n'kuiwongola pa bondo n'kugwira chomwecho mpaka itazizira. Ndinalemba ndi khala mbali ya msana kuti mpeni usayandikeko. Chikwanje ndinachigwiritsa ntchito tsiku limodzi lokha, kuchepetsa kunsonga. Zotsalazo ndinapala ndi mpeni wanga wa anyezi ndi phale la botolo losweka. Phale la botolo limachotsa timapalapala topyapyala ngati tsitsi, ndiye sungalakwitse kwambiri nthawi imodzi. Pakati pogwira pamakhala ponenepa, ndipo mtengo umanka nuchepa mofanana kupita ku nsonga zonse ziwiri.

Nthawi yopalira kunyumba ndinalibe, choncho ndinkapita nayo kumsika. Pakati pa 2 ndi 4 koloko masana makasitomala amachepa, anzanga amagona pa matumba kapena kulukana tsitsi. Ine ndinkakhala kuseri kwa benchi n'kumapala. Mawu amene ndinamva, abale! Mayi wa usipa anati, "Asisi, mukufuna kulasa ndani, mkazi mnzanu?" Mnyamata wonyamula katundu anafunsa ngati ndayamba using'anga. Wina anakauza apampando a msika kuti ndabweretsa chida, mpaka anabwera kudzaona, n'kupeza ndodo chabe. Tsiku lina ndili mtima wonse pa kupala, munthu ananyamula mulu wa anyezi osalipira, ine osaona. Koma panali bambo wina wachikulire wogulitsa mipini ndi zipande amene sanaseke. Ankabwera n'kuima chete, kenako n'kuloza ndi chala: "Apa mayi, pakadali polimba." Kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo anati bambo awo ankasema mauta.

Poyesa kupindika kwake ndinapeza nzeru yangayanga ya kumsika. Ndinakhoma misomali iwiri pa nsanamira ya khonde, n'kugoneka utawo pamenepo chopingasa, chingwe chili pansi. Pa chingwecho ndinakoleka ndowa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye ndinkadziwa kulemera kumene ndikuupatsa. Ndinayamba ndi malita 5, n'kubwerera m'mbuyo kukauyang'ana patali. Mbali imodzi inkapindika, inayo ili chiwongokere. Polimbapo ndinkalemba ndi khala, kutsitsa uta, kupala kakhumi kapena kawiri kake, n'kuukolekanso. Pamene papindika kale supakhudza, ngakhale dzanja likuyabwa bwanji, chifukwa pamenepo pakafooka uta umapinda ngati chigongono ndipo wathera pompo. Sabata yotsatira malita 8, kenako 12. Pomaliza unkanyamula malita 15 utapindika bwino ngati mwezi watsopano. Ntchito imeneyi yokha inanditengera masabata asanu. Ndinamvetsa chifukwa chake amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chingwe ndiye sichinandivute, poti kupota ndinaphunzira kwa amayi ndili mwana. Amalume anati akale ankapota cha chikopa cha nyama, koma ine ndinatenga khonje. Ndinapala masamba ake mpaka kutsala ulusi woyera, kuuyanika, n'kupota pantchafu timagulu tiwiri, kenako kutipotanso pamodzi mobwerera kuti chisamasuke. Ndinachipaka phula la njuchi kuti chisanyowe ndi kusosoka. Ukakunga uta, mpata wa pakati pa chingwe ndi chogwirira uzikwana chibakera chimodzi. Mivi ndinapanga ya bango louma la ku Shire, nthenga za nkhanga n'kuzimanga ndi ulusi kumbuyo kuti muvi usamayende chozungulira mutu. Kutsogolo sindinaike chitsulo, ndinaika timitu ta mtengo tobulungira, ngati ta mivi imene anyamata akale ankalasira mbalame.

Tsiku loyamba kuponya, chingwe chinandikwapula pamkono mpaka panatupa n'kuda. M'mawa kumsika mayi wa usipa uja anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ngati bambo a kunyumba ayamba kumenya ndisabise. Ndinalumbira kuti ndi uta, iye osakhulupirira. Kenako ndinadziwa kuti chigongono cha dzanja logwira uta sumachiwongola gwa, umachipinda pang'ono kuti chingwe chidutse.

Mu Novembala ndinatsikira nawo kumudzi, kutentha kwa ku Chikwawa kuli pachimake. Amalume anaulandira ndi manja awiri. Anaununkhiza. Anayendetsa chala kumsana konse, pang'onopang'ono, kufunafuna bala la mpeni. Mtima wanga unali m'mwamba. Kenako anaukunga okha, munthu wosaona, mwachangu kuposa ine, n'kukoka pang'ono khutu lili pafupi ndi mtengo.

"Mbali yam'mwambayi ndi yomvera. Yam'munsiyi ikadali ndi mwano. Pala apa, kakhumi."

Ndinapala pomwepo iwo akuwerenga. Anakokanso, n'kuuza mdzukulu kuti awalozetse ku thunthu la nthochi. Muvi unapita fyuu, n'kukagunda m'mphepete mwake. Anaseka ngati kamnyamata, mano awiri otsalawo ali poyera. Atatha anamasula chingwe, n'kundiuza kuti uta sugona wokunga chifukwa umazolowera kupindika n'kutha mphamvu, ndiponso suukoka n'kuusiya wopanda muvi, chifukwa mphamvu yosowa kopita imabwerera mu mtengo n'kuung'amba. Ndinafunsa ngati wafanana ndi uja.

"Si uja ayi. Uja unapha nyama, unadyetsa mudzi. Koma uwu ndi uta."

Achimwene anafika pa 21 Disembala. Ndinawauza asanasambe m'manja kuti adye, poopa kuti ndikadikira ndidzalephera. Anayang'ana uta watsopanowo osaukhudza, anadzuka n'kutuluka. Anabwera usiku. Mawu amene ananena ndi awa okha: "Ukanandiimbira foni, ndikanakutumizira ndalamazo." Amenewa ndi amene anandilasa kuposa kukalipa, chifukwa ndi zoona. Sindinagulitse uta chifukwa chosowa kolowera. Ndinagulitsa chifukwa cha manyazi opempha, komanso chifukwa sindinkadziwa chimene ndagwira m'manja. Ndinachidziwa nditathyola ndodo ziwiri ndi kutupa zala pa yachitatu.

Sindinganame kuti anandiuza kuti andikhululukira. Mpaka anabwerera ku Johannesburg sananene mawu amenewo. Koma tsiku lachitatu ndikuchokera kumsika ndinawapeza kuseri kwa nyumba ndi mphwawo, ataimika katoni pa khoma, akumuonetsa kaimidwe ndi kagwiridwe ka muvi. Madzulo ake anandibwereka mpeni wa anyezi. Anandiuza kuti timizere titatu ta pa uta wakale tinali ta eni ake: wosema uja, amalume, ndi iwo. Anacheka kamzere kamodzi pambali pa chogwirira, pamene sipapindika, n'kunena kuti, "Aka ndi ka wosema. Mwanayu adzacheka kake akadzakula." Anandibwezera mpeni, n'kufunsa ngati nsima yapsa.

Utawo tsopano uli pa mtanda wa denga, womasula chingwe. Mwana amautsitsa Lamlungu masana ine ndilipo, ndipo lamulo ndi limodzi: muvi suloza munthu, chiweto kapena mbalame, ngakhale mosewera. Nyama zakutchire zili ndi malamulo ake masiku ano, ndipo ife sitikufuna ndiwo kuchokera ku uta umenewu. Katoni ndi thunthu la nthochi zikukwana.

Ndili ndi mapempho awiri kwa inu. Loyamba, mundiuze m'ndemanga mtengo umene kwanu amasemera uta ndi dzina lake m'chiyankhulo chanu, inu a ku Karonga, ku Mzimba, ku Mangochi, ku Nsanje ndi konse. Ngati kumudzi kukadali gogo wodziwa ntchitoyi, mukapita mukamufunse manja ake akadali ndi mphamvu yopapasa. Amalume anga chaka chino sakutulukanso pakhonde. Lachiwiri, inu oyenda m'malo ogulitsa ziboliboli ndi m'malo ogona alendo, mukadzaona uta wakuda wa timizere titatu pambali pa chogwirira, nsonga imodzi ya waya wa mkuwa, mundilembere ku inbox. Ndayamba kale kusunga kangachepe pambali, ndipo ulendo uno ndikanenerera mpaka atatopa.

Ndikadzuke m'mamawa, tomato wa ku Ntcheu amafika 5 koloko.